Pansi pa Dothi Lofiira

Ku Domwe, bambo anga a Jerivaziyo
ankakumba zitsime za anthu.
Baibulo lawo anabwera nalo kuchokera ku Dedza
pobwerera kwathu nkhondo itatha,
chikuto chosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza.

Ine ndinkathamanga nalo,
machaputala asanu pa tsiku,
kuti ndikadzitame ku mphakati.
Iwo vesi limodzi sabata yathunthu,
milomo ikuyenda ngati akutafuna nzimbe.

"Mwakhalitsatu pamenepo," ndinawaseka.
Anati, "Madzi a pamwamba ndi a achule.
Ukapyola dothi lofiira upeza thanthwe.
Ambiri amatayira khasu pomwepo."

Chaka chimene tinaika Lusiyana wanga,
mavesi onse oloweza anaphwa
ngati chithaphwi cha mu Okutobala.
Ndinatsegula buku lija usiku, ndi tochi ya foni,
ndipo pa tsamba la munthu uja anataya zonse
ndinapeza chala chawo,
chidindo cha matope pa mzere umodzi.

Ndikadali pomwepo.
Thanthwe silinasweke ayi.
Koma m'mawa uno ndaligwira,
layamba kuchita thukuta.