Matumba Awiri a Ximena

Loweruka usiku ku Valparaíso,
Ximena wakhala pakati pa masitepe okwera kwawo,
ufa wa ku bekale udakali m'zikhadabo,
foni pabondo.

Mwezi watha ndalama ya gasi
inasanduka nsapato zofiira.
Palibe anaiba. Inangoyenda yokha
ngati madzi akapeza potsetsereka.

Ma apu atatu akumukopa.
Yoyamba ikufuna nkhope yake, cha kumanja, cha kumanzere,
ngati wapalamula.
Yachiwiri imabenthula pang'ono ndalama ikangosuntha,
khoswe wa m'foni.
Yachitatu ndi yotuwa, yosakongola,
koma ili ndi matumba awiri
ndipo limodzi silitseguka mpaka mwezi uthe.

Watenga yotuwayo.
Thumba lokiya walitcha Don Evaristo,
dzina la mwini nyumba, wosaseka uja.
Linalo walitcha Ine.

Malipiro wawagawa.
Don Evaristo wanenepa pompo.
Ine watsala ndi ya basi, ya khofi,
ndi nsomba imodzi Lachisanu.

Kumunsi padoko sitima ikulira.
Ximena wawerama, akumanga zingwe za nsapato zija,
akuseka yekha:
zinalipiridwa kale
ndi masabata awiri osamba madzi ozizira.