Mlendo Wosaodira

Lachiwiri ndinatseka shopu mochedwa,
wotchi ya mayi Aravena ili chitsegukire patebulo,
matumbo ake ali pambalambanda.
Kompyuta ndinaisiya chiyakire, monga mwa masiku onse.
Kudoko sitima zinkalira, Valparaíso ali mtulo.

Kutacha ndinapeza wina walowamo.
Chitseko chili chikhomere, loko ali bwinobwino,
koma pasikirini pali mawu aulemu:
Takukonzerani zonse, landirani maonekedwe atsopano.
Anakutumani ndani?

Ine Eleuterio, zaka makumi anayi ndi zitatu
ndikutsegula mawotchi a eni,
sindinamasulepo ngakhale kasikuluwu kamodzi
mwiniwake asanavomere.
Uyu walowa usiku osaodira,
wasuntha mipando, makoma wapaka buluu,
batani lotumizira imelo walibisa
kuseri kwa timadontho titatu.

Maadiresi a makasitomala, theka lasowa.
Makalata a wogulitsa masipuling'i wa ku Santiago
aponyedwa kudzala
pamodzi ndi a otsatsa mankhwala omeretsa tsitsi.
Mawu achinsinsi akuti ndilembenso.
Ndalemba, akuti ndalakwitsa.
Ndalembanso, akuti ndidikire mphindi khumi ndi zisanu.
Ine wowongola mphindi za tauni yonse
lero mphindi zandikhazika pabenchi.

Zonsezo ndikanapirira.
Koma kumanzere, pansi penipeni,
pamene panali foda yolembedwa kuti Maite
panangoti mbee.

Makalata mazana awiri ndi asanu ndi awiri.
Ankawalemba ali gone m'chipatala, ndi chala chimodzi:
za mtengo wandimu umene ndinkaiwala kuthirira,
za namwino woimba mophonya,
za jekete langa lotuwa limene ankadana nalo.
Yomaliza ili ndi mizere iwiri,
wachiwiriwo sanaumalize.

Ndinaimba nambala yothandizira.
Anandiyankha mayi wopanda mpweya:
dinani wani, dinani thuu,
kuimba kwanu n'kofunika kwa ife.
Khofi anazizira foni ili kukhutu.

Masana kunabwera Ximena wa kubekale,
ufa udakali m'zikhadabo,
kudzatenga wotchi ya bambo ake.
Anandiyang'ana kamodzi, osafunsa,
n'kukoka mpando.
Apa dinu, apo dinu, mlomo ataluma.
Buledi anapserera tsidya la msewu, iye osadzuka.
Kenako anati, sanafufute, don Eleuterio,
angosamutsa. Onani, awaika mu Zakale.

Zakale.
Makina aona madeti n'kugamula
kuti mkazi wanga ndi wakale.

Ndinati tisindikize onse, lero lomwe.
Pulinta nayo inakana,
ati sikudziwananso ndi pulogalamu yatsopanoyi,
anansi a zaka zisanu ndi chimodzi patebulo limodzi!
Ndinatsika phiri pa chikepe chokhwekhwereza,
kafulashi ndili chifumbatire m'thumba,
mpaka kwa Baldomero wosindikiza pafupi ndi doko.
Anawerenga mapepala, osawerenga mawu,
n'kundichotserako mtengo.

Tsopano ali mudilowa yachitatu,
pansi pa magalasi a mawotchi,
ndawamanga ndi ulusi wofiira.
Chinyezi cha m'nyanja chidzawadya, ndikudziwa,
koma chimadya pang'onopang'ono
ndipo chimayambira m'mphepete, munthu ukuona.

Madzulo ano kabokosi kabweranso:
Zatsopano zina zakonzeka.
Tiike panopa, kapena usiku uno?
Ndafunafuna batani lakuti ayi, palibe.
Pali kakang'ono kotuwa, kakuti mundikumbutse mawa.
Ndadina komweko.
Mawa ndidzadinanso.

Ndazula chingwe kukhoma.
Mushopu mwatsala mawotchi makumi atatu,
ina yatsogola, ina yatsalira,
ya mayi Aravena ikuyembekeza sipuling'i ya ku Santiago
imene ndaiitanitsa pafoni.