Juzi Yofiira

Loweruka, mumsika wa Kapata,
ndinangotaya dzanja lake pang'ono
kuti ndiwerenge chenji cha kapenta.
Pocheuka, Zondwayo palibe.

Mtima unapatsa maso liwu limodzi lokha: chofiira.
Ndinamuveka ndekha juzi ija m'mamawa,
yofiira, yobooka pachigongono.

Basi msika wonse unathima
ngati magetsi a kwathu ku Mchini,
kutsala zofiira zokhazokha zikuyaka.
Mulu uliwonse wa tomato unanditchula dzina.
Chidebe cha mayi wa munkoyo,
ambulera ya wotumiza ndalama pafoni,
tambala womangidwa miyendo,
chishalo cha njinga yonyamula anthu.
Diso linkalumpha lokha osandifunsa,
ine pambuyo, phazi limodzi lopanda patapata.

Pa salaula ndinagwira mwana wa eni paphewa.
Amake anandiyang'ana ngati ndatuluka kumanda.

Katatu ndinadutsa pa matumba a mtedza.
Katatu panali kamnyamata ka vesiti yotuwa
katakhala chete pafupi ndi wokonza njinga,
kakuonerera chubu chikuwira thovu m'beseni.
Maso anga anakakhudza ndithu,
nkutsetsereka ngati madzi patsamba la nthochi.
Si chofiira. Pitirira.

Kachinayi mkulu uja anaika pampu pansi.
“Mayi, mwataya chiyani?”
“Mwana. Wavala juzi yofiira.”
“Juzi sindinaione,” anatero akupukuta girisi,
“koma uyu makutu ake ndi anu.”

Anali ataikhalira.
Kutentha kwa Okutobala, anavula, nkupinda,
nkuyesa mpando.
“Ndimakuonani, amama, mukungodutsa.
Ndimati mukufuna tomato wotchipa.”

Sindinamumenye. Manja analibe mphamvu.
Ndinangomugwira khutu lomwelo,
kulisisita ngati ndalama yotola.

Diso ndi galu wa uzimba.
Chimene wamununkhitsa ndicho athamangira,
nyama ina ingamugone pamphuno, salabada.

Tikuwoloka Lunkhwakwa pobwerera,
dzanja lake lili m'langa, juzi ili pakhosi panga,
diso linali lisanamve kuti ntchito yatha.
Linkandikokerabe ku chitini cha phwetekere m'ngalande,
ku nsalu yoyanikidwa pampanda,
ku dothi lokumbidwa m'munsi mwa phiri la Kanjala.

Usiku atagona ndinayatsa tochi
nkuyamba kumuloweza:
kachipsera pachibwano, liwombo lopendekera,
mmene amapindira chala chachikulu.
Nanga enawa a m'nyumba muno,
ndimawadziwira chovala chiti?