Masana pa Denga la ku Bangula

Okutobala wabwera ndi ukali wake wonse.
Mbuzi zasiya kulira pansi pa msangu,
ine ndili pa malata a chipatala,
mawondo akupsa, mita ili m'manja.

Pansipo namwino Esinta waphimba mutu ndi faelo.
"A Zuze, dzuwa lonseli,
bwanji firiji ya katemera ikudandaula
ngati yagona ndi njala?"

Ndimuyankhe bwanji?
Ndinene kuti m'kati mwa sola yakudayi
muli timaatomu ta silikoni
tondanda ngati mizere ya nzimbe ku Nchalo,
koma sitiima chilili?
Timagwedera, kalikonse pamalo pake,
ngati bango la m'dambo la Ndindi
madzi akamadutsa kunsi.
Kukatentha timavina utse popanda ng'oma,
ngalande imene elekitironi imalumpha
dzuwa likaimenya
imayamba kuchepa,
ndipo wolumpha pafupi sabwera ndi mphamvu zambiri.
Manambala a pa mita yanga akutsika.

Komabe mawu ena a ku kozi sanandichoke m'mutu.
Mphunzitsi, choko chili mbuu m'ndevu, anati:
silikoni sagwira kuwala payekha.
Kuwala kukafika, elekitironi imafuna
woikankha cham'mbali kuti iwoloke,
ndipo wokankhayo ndi kunjenjemera komweko.
Mwalawu utangoti zii,
kuwala kwina kungadutse
ngati mlendo amene sanapatsidwe mpando.

Ndinaseka tsiku lija. Lero ayi.
Ndikuona mayi anga kwa Tengani,
manja awo akhala akugwedera zaka zinayi.
Tiyi amafika pakamwa atatsala theka,
ulusi sulowanso pa singano.
Koma apatseni lichero la mapira:
mankhusu amachoka okha,
iwo n'kumati, "Matendawa ndawalemba ganyu."

"A Zuze! Mwagona kumeneko?"

Ayi, Esinta.
Uzani alonda abweretse njerwa zisanu ndi imodzi
ndi waya uja ali kuseri kwa sitolo.
Tiikweze pang'ono, ichoke pa malata,
mphepo ya ku Shire ipite pansi pake.
Sitikufuna kuti ileke kunjenjemera,
ingochepetsako.

Njerwa yoyamba yanditentha chikhatho.
Yachinayi italowa, ndakhala pansi kudikira,
thukuta likudontha pa galasi
n'kuuma ndisanalipukute.
Nambala yomalizira pa mita yaphethira,
yakwera kamodzi,
yabwerera,
yakweranso.