Khosi la Njinga

Idayamba ngati chifuwa cha munthu wokana kudwala:
kho! ndikagwira buleki pa maloboti a ku Booysens,
kho! ndikagwa m'dzenje la ku Turffontein.
Kenaka mahandulo adayamba kukakamira pakati,
kumanja ayi, kumanzere ayi,
pitsa ya eni ake ikuzizira kumsana kwanga.

Ku galaja adanditchulira mtengo.
Ndidavula chipewa, ndidachivalanso.
Imeneyo ndi lendi ya theka la mwezi,
ndi nsapato za Ndaziona ku Balaka.

Tsono lero Lamulungu, kuno ku Rosettenville,
kuseri kwa nyumba ya Mayi Sithebe,
pakati pa mpopi ndi chingwe choyanikapo zovala,
ndakweza chifuwa cha njinga pa kireti ya mowa,
njerwa ziwiri zikuthandizira.
Tayala lakutsogolo lagona paudzu wouma,
mafoloko atsamira khoma
ngati miyendo yodikira mwini wake.

Sipanala ndabwereka kwa Yunusu wa ku Namwera.
Wati ibwerere dzuwa lisanalowe,
wabwereza kawiri, osaseka.

Nati yapamwamba yalimba,
ndaipempha, ndaitukwana, yalola.
Ndiye waa! timipira tachitsulo pasimenti,
tina kunsi kwa chitseko, tina m'ngalande,
kamodzi katoledwa ndi mdzukulu wa landilodi
amene wathawa nako ali mabo! mabo!
Mulekeni. Ntchito yake katha kale.

Ndapisa chala m'khosi.
Girizi wasanduka dothi lofiira,
fumbi la zitunda za migodi ndi mvula ya Januwale.
Mphete ili ndi timaenje tondondozana,
paliponse pamene kampira kadakhala malo amodzi
n'kumalandira nkhonya za msewu zaka zitatu.
Ndayang'ana timaenjeto nthawi yaitali,
kuposa imene ntchito imafuna.

Chitsulo chachitali, hamala,
menya uku, menya uko, osapendeketsa.
Go, go, go.
Galu wa pa nyumba yachitatu akuyankha.
Mphete yakale yagwa, yazungulira, yagona.

Zatsopano ndidaika dzulo m'firiji ya Mayi Sithebe,
pambali pa zipalapasiro za nkhuku,
poti chitsulo chikazizidwa chimadzichepetsa
n'kulowa pakhomo popanda mkangano.
Koma magetsi adathima pakati pa usiku.
Nkhuku yasungunuka, mayi akudandaula m'chinenero chawo,
ine ndagwira mphete: zii, ngati mwala wa pamtsinje.
Juni wa ku Joni safuna firiji.
Funsani zala zanga.

Ndaika yakale pamwamba pa yatsopano,
ndikukhoma pang'onopang'ono, khutu lili tcheru,
mpaka kulira kwasintha,
kuchoka pa go kufika pa ngi.
Yakhala.

Girizi ndapaka ndi chikhatho,
kumukankhira m'kati mwa beyaring'i mpata ndi mpata,
monga mayi ake a Ndaziona ankamudzozera mafuta
m'mawa wa sukulu, iye akuzemba.
Foni yalira m'thumba. Sindingayankhe,
manja onse ali bii.

Chovuta si hamala ayi, ndi nati yomaliza.
Ukamanga kwambiri, njinga imayenda ngati yaledzera.
Ukalekerera, kho uja abwerera Lachitatu.
Ndamanga, ndamasula, ndamanganso pang'ono,
ndakankha handulo ndi chala chimodzi:
yagwera yokha kumanja, mwaulemu,
yagwera yokha kumanzere.

Patsala wachala imodzi pansi.
Sindikudziwa kwawo.
Ndaiika m'thumba la malaya, tidzaonana.

Dzuwa lapendekera ku Soweto.
Ndatsika ndi msewu wathu wopanda bokosi kumsana,
ndakhota pa tchalitchi, ndakhota pa shopu ya Msomali,
ndakhotanso popanda chifukwa,
sipanala ya Yunusu ikugunda nthiti m'jekete.
Pa loboti ndagwira buleki mwadala, mwamphamvu,
ndamvetsera.

Kulibe.
Minibasi yokha kumbuyoku, ikuliza hutala.