Lichero Lolira

Chitseko cha minibasi chidandiluma mkono pa Kandodo Kona
Lachiwiri lina, chenji cha munthu ndili nacho m'mano.
Tsiku lodula pulasitala ku Gulupu
dzanja lidatuluka loyera ngati chinangwa chosenda,
losamdziwa mwini wake.
Ine amene ndinkang'amba ng'oma ya kwaya ku Makata
supuni idandipulumuka.

Kuchipinda cha mafizo kudali mayi wa ku Ayalandi,
Nuala, tsitsi ngati ndevu za chimanga.
Kampira kofinya ndidakakana.
Mphira wokoka ndidautukwana chamumtima.
Sabata yachitatu adasolola m'chikwama chinthu chozungulira,
chikopa mbali imodzi, kuseri kuli pululu.
Ndidaseka: Mayi, lichero ili mupetera chiyani muno?
Iye adati ndalasa.
Akuti kwawo ambiri amanena kuti lidali lopeteradi,
chikopa cha mbuzi pa mkombero wa mtengo,
mpaka wina, mankhusu atauluka onse,
adaliimika pa ntchafu n'kuligogoda.
Dzina lake bawuroni.
Akuti mwina lidachokera ku mawu oti gonthi
poti kulira kwake n'kwa m'mimba.

Akuti kukacha Khirisimasi itatha
anyamata ankavala mapesi, nkhope atabisa,
n'kumayenda nayo khomo ndi khomo
kupempha makobiri m'dzina la kambalame kochepa ngati timba.
Ndidati, kodi nanunso muli ndi zilombo?
Apo ndiye adaseka.
Akuti a m'tauni ankaiyang'ana cham'mbali, ng'oma ya kumunda,
isanavale jekete n'kukwera pa nsanja.

Ipanire m'khwapa, itsamire nthiti.
Dzanja lamanzere lilowe kuseri, ligone pa chikopa
monga umamvera mwana ngati watentha thupi.
Kamtengo ka mitu iwiri ukagwire ngati cholembera.
Usamenye.
Waza, ngati wasamba m'manja pamalo popanda chopukutira.

Ndidamenya.
Kamtengo kadauluka, kukagwera pansi pa bedi
la mdala wophunzira kuyenda.
Ndidamenyanso. Mfundo ya dzanja idalira kuposa ng'oma.

Iye ankawerenga m'chiyankhulo chake, ine n'kumasochera.
Zitatu zitatu, akutero, kenako zinayi zinayi.
Usiku wina pamphasa pakamwa panga padayamba pokha:
Ndi-ra-nde, Ndi-ra-nde, Zi-ngwa-ngwa, Ndi-ra-nde.
Zitatu!
Chi-lo-mo-ni, Chi-lo-mo-ni.
Zinayi!
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikukuwa pa siteji
osadziwa kuti ndikusunga magule a eni ake kukhosi.

Mu Juni chiperoni chidatsika ku Soche,
chikopa chidalefuka, kulira ngati katoni yonyowa.
Ndidachiwamba patali ndi mbaula ya mlonda wa pageti
monga timachitira ndi zathu.
Nuala adaima pakhonde, nkhungu ili mbuu,
n'kuti kwawo kumacha chonchi masiku ambiri.
Adakhala chete nthawi yaitali.
Ndidasuntha dzanja kuseri, mawu adakwera, adatsika,
sindidamufunse kanthu.

Adapita mu Okutobala, ng'oma ili m'manja.
Idali ya bambo ake, sindikadaipempha.
Adandisiyira kamtengo kokha.

Chikopa ndidagula kwa a Mbwana, opha mbuzi ku Chirimba.
Mkombero ndidachotsa ku sefa wakutha,
timisomali ta wosoka nsapato makumi anayi.
Siidazungulire bwino. Mbali ina ili ndi ubweya.
Koma dzanja limawaza tsopano,
ndipo chenji ndimawerenga ndi zala zonse.

Dzulo pobwera kuntchito ndidapeza pamsomali palibe.
Kuseri kwa nyumba, mlongo wanga Eluby ali chiwerama,
mpunga ukudumpha pa chikopa changa,
mankhusu akupita ndi mphepo cha ku Nyambadwe.
Ndidatsegula pakamwa kuti ndikalipe.
Kenako ndidamvetsera:
zitatu zitatu.
Ndidakhala pa njerwa, kamtengo m'thumba,
kudikira kuti amalize.