Mzere Wachinayi, ku Tainan

Ntchito yanga ndi ya chala chimodzi.
Galasi limabwera pa lamba, ndilumikiza nthambo,
ndidina batani: kalilole.
Ndidinanso: zenera.
Magalasi mazana anayi patsiku,
panja njinga zamoto zikunyowa pamvula.

Injiniya Hsiao anandifotokozera tsiku loyamba,
akujambula pachikhato ndi cholembera.
Pakati pa magalasi awiri, anatero, pali kanthu
kosalimba ngati mwala, kosayenderera ngati madzi,
kokana kusankha mbali.
Tizidutswa take timagona mopotana ngati chingwe,
kuwala kukafika kumabwezedwa pakhomo.
Koma magetsi akalowa, tonse timadzuka, kuima njo,
kuwala n'kudutsa osaodira.

Chimene sananene n'chakuti kuseri kuli munthu.

Tseng Wen-hsiung ankaima mbali inayo,
kusaka timadontho ndi ming'alu.
Tonse tinkavala zoyera kuchokera kumutu mpaka kuphazi,
maso okha pamtunda,
ndipo poti msinkhu wathu unali umodzi,
ndikadina, maso anga,
ndikadinanso, maso ake, pomwepo ndendende.
Madzulo otopa ndinkasokonezeka:
waphethirayo ndine, kapena ndi iye?

Zaka zisanu ndi chimodzi.
Sitinadyepo limodzi, belu lake linkalira langa litatha.
Koma ndinkadziwa kuti chikope chake chakumanzere chimanjenjemera
namondwe akamayandikira kuchokera kunyanja.
Ndinaona maso ake atafiira sabata yathunthu
ndisanamve kuti mkazi wake wagonekedwa.
Iyenso anaona mimba yanga
mayi anga omwe asanamve,
anangokweza nsidze, ine n'kuyang'ana pansi,
n'kudina msanga kuti ndibisale kuseri kwa nkhope yanga.

Galasi likakana kuyera,
likangochita chifunga ngati mpweya wa pa tiyi,
ankagogoda kawiri ndi chala.
Go, go.
Macheza athu onse anali amenewo.

Lolemba lapitali ndinadina.
Kamera.
Yakhala pa mkono wachitsulo, diso limodzi losaphethira.
Akuti imaona kadontho kochepa kuposa fumbi,
ndipo sakunama, manambala ndawaona.
Galasi loipa ikalipeza sigogoda,
imangoyatsa kanyali kofiira.

Ena akuti Tseng anapita ku Pingtung
kukathandiza mng'ono wake kulima mango.
Ena akuti ayi, ali mumzinda mom'muno.
Dzulo kumsika wausiku ndinaima pa mzere wa msuzi wa nsomba,
ndikuyang'ana amuna a imvi m'maso mmodzimmodzi
mpaka wina anandifunsa ngati ndili naye ngongole.
Pakamwa pa Tseng sindinapaonepo.
Mwina anadutsa akuseka, ine osadziwa
kuti kuseka kwake kumaoneka chotani kumunsi kwa mphuno.

Magalasi athu amapita kutali,
kumahotela, m'magalimoto, m'masitolo a zovala,
kumene munthu amadziona kaye, kenako n'kuona nsapato zogulitsa.
Lililonse linayamba laonapo maso anga.
Ambiri anaonanso ake.

Tsopano ndikadina kalilole ndimachedwa pang'ono.
Kamphindi chabe.
Ndimaima ndi maso awiriwo, otopa, onyowa m'mbali,
oti akanatha kukhala a munthu aliyense wovala zoyera,
chala chili pa batani.

Sabata ino magalasi anga achepa ndi khumi ndi awiri patsiku.
Kapitawo Lai wabwera ndi pepala,
wandifunsa ngati chala chikupweteka.
Ndati inde.